Talana: myuziyamu ya ku Dundee, tauni yomwe inakula ndi malasha

Talana ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, ena amati myuziyamu, yomwe ili kunja pang'ono kwa tauni ya Dundee, kumpoto kwa chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa. Ili m'tsinde mwa phiri lomwe nalonso limatchedwa Talana, m'mbali mwa msewu wa R33 wopita ku Vryheid. Dzinali ndi la Chizulu, ndipo limatanthauza kansanja ka m'nyumba komwe amasungapo zinthu za mtengo wapatali. Myuziyamuyi inayamba mu 1979, pokumbukira kuti patha zaka 100 chimenyedwere nkhondo ya Angerezi ndi Azulu, ndipo inasamukira pamalo pomwe ili lero kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Si nyumba imodzi ayi. Ndi nyumba zingapo zomwazikana pamalo a maekala pafupifupi 20, kuphatikizapo manda akale ndi kanjira kokwera phiri.

Alendo ambiri amene amafika pamalopa, makamaka azungu ochokera ku Britain, amadzaona pomwe panamenyedwa nkhondo mu 1899. Palibe cholakwika. Koma kwa munthu amene anasiya kwawo kudzagwira ntchito m'dziko la eni, chomwe chingamugwire mtima pa Talana si mfuti ndi mizinga. Ndi malasha, ndi anthu omwe ankawakumba. Dundee inamangidwa ndi manja a anthu obwera, ndipo amene akudziwa poyang'ana amaona nkhani yawo paliponse m'nyumba zimenezi.

Malasha, osati makala

Timvane kaye pa mawu, poti ana obadwira kunja kuno amasokoneza. Makala ndi aja timaotcha ku mitengo n'kumaphikira pa mbaula. Malasha ndi mwala wakuda woyaka moto, wochita kukumba pansi. Anachokera ku zomera za m'madambo zomwe zinakwiririka zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, n'kupanikizika pansi pa mchenga ndi matope mpaka kuuma gwa. Akatswiri a miyala anapatsa gawo la nthaka lomwe muli malasha ambiri a ku South Africa dzina lakuti Vryheid, potengera tauni yoyandikana ndi Dundee yomweyi. Kwathu malasha amakumbidwa ku Mchenga m'boma la Rumphi, ku Maamba ku Zambia, ku Moatize m'chigawo cha Tete, ndi ku Hwange ku Zimbabwe.

Kafikidwe kake

Dundee ili pamtunda wa makilomita opitirira 300 kuchokera ku Johannesburg, ndipo kuchokera ku Durban ndi chimodzimodzi. Ochokera ku Joni amadzera ku Newcastle, ochokera ku Durban amadzera ku Ladysmith. M'matauni onse awiriwa muli matekisi opita ku Dundee. Tauni ya Glencoe, pomwe pali mphambano ya njanji, ili makilomita pafupifupi 10 okha. Mukafika pakati pa tauni, ku Talana ndi koyenda wapansi ngati miyendo ili bwino, koma ndi ana aang'ono ndi bwino kukwera.

Mmene tauni inayambira

Nyumba yakale kwambiri pamalopa ndi ya banja la Peter Smith, mlimi wochokera ku Scotland. Banjali linatcha famu yawo Dundee pokumbukira mzinda wa kwawo, monga mmene Blantyre yathu inatengera dzina la kwawo kwa David Livingstone. Smith anapeza kuti malasha ali pafupi kwambiri ndi pamwamba, ena akuchita kuonekera m'maphompho ndi m'mphepete mwa timitsinje. Mu 1878 anayamba kuwatumiza pa ngolo za ng'ombe kukagulitsa ku Pietermaritzburg. Tauni inakhazikitsidwa mu 1882. Mu 1889 kampani ya Dundee Coal Company inayamba kugulitsa masheya ake ku London, ndipo chaka chomwecho njanji inafika ku Glencoe.

Njanjiyo ndi imene inasintha zonse. Ngolo ya ng'ombe imanyamula pang'ono ndipo imatha masabata panjira, pomwe sitima imanyamula matani ambirimbiri tsiku limodzi. Sitima za pamtunda zinkayendera malasha, sitima za pamadzi zoima pa doko la Durban zinkafuna malasha, mafakitale nawonso malasha. Migodi inatsegulidwa motsatizana kuzungulira Dundee, Glencoe, Dannhauser, Newcastle mpaka ku Vryheid, ndipo Dundee anaipatsa dzina lachinyazitso ndi lonyadira lomwe lakuti Coalopolis, kutanthauza mzinda wa malasha. Katundu anachuluka mpaka njanji ya pakati pa Glencoe ndi Pietermaritzburg inayamba kuyendera magetsi m'zaka za m'ma 1920, isanatero njanji ina iliyonse yaikulu m'dzikomo.

Mukalowa m'kanyumba ka Smith muona mipando, mbale ndi zida za pa famu za nthawi imeneyo. N'kakang'ono, kosadzionetsera. Musatayemo nthawi yambiri. Zofunika zili kutsogolo.

Gawo la malasha

Kuno ndi kumene muyenera kukhalitsa. Kuli nyali, zipewa, zida zokumbira, zida za opulumutsa anthu pangozi, mapu a migodi ndi zithunzi zakale, ndipo panja pali makina akuluakulu ndi sitima yakale ya nthunzi. Munthu wosadziwa amangoti zitsulo zadzimbiri, n'kudutsa. Koma chida chilichonse chinabwera chifukwa cha mtundu wina wa imfa, ndiye tifotokoze pang'ono kuti mukakafika mukathe kufotokozera ana.

Yambani ndi mapu. Muona kuti mgodi wa malasha ukajambulidwa umaoneka ngati misewu ya m'tauni yopingasana, ndi timabokosi pakati. Timabokosito ndi malasha omwe amasiyidwa dala kuti akhale nsanamira zochirikiza denga. Apa ndi pomwe pali yesero kwa mwini mgodi: nsanamira iliyonse ndi ndalama zomwe wazisiya pansi. Akaidya kwambiri kuti apeze malasha ochuluka, denga limatsika. Ndi zomwe zinachitika ku Coalbrook, pafupi ndi Sasolburg ku Free State, pa 21 January 1960, pomwe nsanamira zinaphwanyika motsatizana n'kukwirira anthu oposa 430, ambiri a iwo ochokera ku Lesotho ndi ku Mozambique. Mitembo yawo ili pansi pomwepo mpaka lero. Itachitika ngoziyo m'pamene akatswiri anakhala pansi kuwerengera bwinobwino kukula komwe nsanamira iyenera kukhala nako.

Kenako nyali. Mdani wamkulu m'migodi ya ku Natal sanali denga, koma mpweya wotchedwa methane womwe umatuluka m'malasha momwemo. Suoneka, sununkha. Ukachuluka kufika pakati pa magawo 5 ndi 15 pa magawo 100 aliwonse a mpweya wa mumgodi, kakuthetheka kamodzi kokha n'kokwanira kuti kuphulike. Migodi ya kuno inali yoopsa kuposa ya kwina chifukwa cha mwala wolimba wotchedwa dolerite, womwe kalekale unakwera kuchokera pansi uli wosungunuka ngati phala la moto, n'kudula malasha m'zigawozigawo. Kutentha kwake kunapangitsa malasha ena kukhala apamwamba kwambiri, aja oyaka popanda utsi wambiri, komanso mwalawo unatsekera mpweya woipawo m'matumba omwe wokumba amangowaboola mosadziwa.

Nyali yokhala ndi kansefa ka waya kuzungulira lawi inapangidwa ndi Humphry Davy ku England mu 1815. Kansefako kamamwa kutentha, choncho moto wa m'kati sutulukira kunja kukayatsa mpweya. Inalinso ngati mlonda: methane akakhalapo, pamwamba pa lawi pamamera kachisoti kobiriwira ngati mtambo, ndipo kapitawo wodziwa ntchito ankatha kuona kuchuluka kwa mpweyawo pongoyang'ana kutalika kwa kachisotiko. Nyali za batire zovala pachipewa zinabwera pambuyo pake, koma nyali ya lawi inakhalabe yoyezera mpweya kwa zaka zambiri.

Methane amangoyambitsa. Chomwe chimapulula anthu mazanamazana ndi fumbi la malasha. Kuphulika koyamba kumautsa fumbi lomwe lagona pansi ndi m'makoma, fumbilo limayaka lili m'malere, n'kuutsa lina kutsogolo, motowo n'kumathamanga mgodi wonse. N'chifukwa chake m'migodi amawaza ufa wa mwala wa laimu mpaka makoma kuyera mbee: ufawo suyaka, ndipo ukasakanikirana ndi fumbi la malasha moto umasowa podzera. Opulumuka kumoto amakumana ndi mdani wachitatu, mpweya wa carbon monoxide wotsalira moto ukazima. Ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'chipinda chotseka nthawi yozizira, ngozi yomwe ambiri a ife okhala m'mashaki tikuidziwa bwino. Opulumutsa anzawo ankalowa ndi timbalame m'zikwere chifukwa kambalame kamafooka msanga munthu asanamve kanthu. Ku Britain anasiya kugwiritsa ntchito timbalameti mu 1986.

Ngozi za m'dera lino

Izi si nthano za m'buku. Mu October 1926, mgodi wa Durban Navigation pafupi ndi Dannhauser unaphulika n'kupha anthu 125. Ku Hlobane, kufupi ndi Vryheid, anthu 57 anafa pa 12 September 1944. Patatha zaka 39, tsiku lomwelo la 12 September mu 1983, mgodi womwewo unaphulikanso ndipo anafa anthu 68. Kafukufuku anapeza kuti mphepo sinkayenda mokwanira kumalo omwe anthu ankagwira ntchito, komanso kuti makina ena a magetsi sanali otetezedwa moti asatulutse moto. Ndiye kuti zonse zofunika kudziwa zinali zodziwika kale kwa zaka zoposa 100. Chinasowa si nzeru.

Ngozi ya 1983 ili ndi malo ake m'mbiri ya anthu apantchito. Bungwe la ogwira ntchito m'migodi la National Union of Mineworkers linali litangokhazikitsidwa mu 1982, mlembi wake wamkulu ali Cyril Ramaphosa, yemwe anadzakhala mtsogoleri wa dziko mu 2018. Bungweli linalowa nawo pa kafukufuku wa Hlobane ndi maloya ndi akatswiri ake, n'kumafunsa mabwana mafunso pamaso pa anthu, chinthu chomwe ogwira ntchito akuda anali asanachionepo. Lamulo la zaumoyo ndi chitetezo m'migodi la 1996 linadzapereka ufulu wakuti wantchito achoke pamalo pomwe akuona kuti moyo wake uli pachiswe. Amene mukugwira m'migodi ya ku eMalahleni, Middelburg, Secunda kapena Lephalale, ufulu umenewu ndi wanu, kaya ndinu nzika kaya ndinu obwera.

Anthu a pa zithunzi

Imani pa zithunzi zakale ndipo muwerenge zolembedwa pansi pake. Pa zithunzi za m'migodi za nthawi ya atsamunda, kuno ngakhale kwina kulikonse, mzungu wokhala pampando amalembedwa dzina ndi udindo, pomwe anthu makumi angapo oima kumbuyo kwake ali gulu chabe. Ojambulawo sanafunse maina. Ine ndimaona kuti pamenepa m'pamene mlendo wa mtundu wathu ayenera kuima nthawi yaitali, chifukwa nkhope zimenezo ndi za anthu onga agogo athu.

Ambiri anali Azulu, ena Abasotho, Amampondo, ndi ochokera ku Mozambique. Sanabwere chifukwa chokonda mdima wa pansi. Boma la Natal linkakhometsa msonkho wa nyumba, ndipo litawonjezera msonkho wa paundi imodzi pa mwamuna aliyense kunabuka nkhondo ya Bambatha mu 1906. Msonkho unkafunika ndalama, ndalama zinali kumgodi. Kenako lamulo la malo la 1913 linaletsa anthu akuda kugula minda kunja kwa timadera tomwe anawapatulira. Amene anamva kwa makolo za msonkho wa ku Nyasaland ndi mmene unathamangitsira amuna ku Halale ndi ku Joni, nkhani iyi saifunsa kawiri.

Ankagona m'makomboni, amuna okhaokha m'chipinda chimodzi, mabanja ali kumudzi. Pansi ankalankhulana Chifanakalo, chilankhulo cha malamulo chomwe ku Rhodesia ankachitcha Chilapalapa. Migodi ya ku Natal inatchukanso ndi chizolowezi china choipa: wantchito ankapatsidwa timatikiti kapena tindalama tachitsulo tangongole togulira m'sitolo ndi m'nyumba ya mowa ya pamgodi pomwepo basi, ndipo mwezi ukatha ankamudula kumalipiro. Ambiri ankalandira envelopu yopanda kanthu, n'kuyambanso mwezi wina ndi ngongole. Munthu wangongole sapita kwawo. Amene anagwidwapo ndi akatapila kunja kuno akudziwa mmene chingwe chimenechi chimamangira.

Sitalaka ya Amwenye ya 1913

Gulu lina lalikulu m'migodi ya kuno linali la Amwenye. Kuyambira 1860 mpaka 1911, anthu pafupifupi 152,000 anabweretsedwa ku Natal kuchokera ku India pa mgwirizano wa zaka 5. Ambiri anapita kuminda ya nzimbe, ena kunjanji ndi kumigodi ya malasha. Mgwirizano ukatha, munthu ankayenera kusankha: kubwerera ku India, kusainanso, kapena kulipira msonkho wa mapaundi 3 chaka chilichonse kuti akhale mfulu m'dzikomo. Kwa ambiri amenewa anali malipiro a miyezi ingapo, ndipo pambuyo pake msonkhowo unagweranso ana ongosinkhuka kumene. Kunena mwachidule, ankagula chilolezo chokhala m'dziko lomwe analimanga okha.

Mu October 1913, amayi a Chimwenye ochokera ku Transvaal pamodzi ndi Thambi Naidoo anayendera makomboni a ku Newcastle kukopa anthu kuti anyanyale ntchito. Moto unagwira, ndipo m'masabata ochepa migodi yambiri ya m'derali inaima. Eni migodi atadula madzi ndi chakudya m'makomboni, Mohandas Gandhi anatsogolera anthu oposa 2,000, kuphatikizapo amayi ndi ana, kuwoloka malire a Natal ndi Transvaal pa Volksrust pa 6 November, chinthu chomwe Mmwenye sankaloledwa kuchita popanda chiphaso. Cholinga chinali chakuti boma liwamange onse, liwadyetse lokha. Gandhi anamangidwa, ndipo pa 11 November khoti la ku Dundee linamulamula kukakhala kundende miyezi 9.

Zomwe boma linachita ndi anthu ena aja n'zofunika kuzikumbukira. Linawakweza sitima kuwabwezera kumigodi, n'kulengeza kuti makomboni tsopano ndi nthambi za ndende za Dundee ndi Newcastle, akapitawo a mgodi ndiwo oyang'anira akaidi, ndipo chilango ndi kukumba malasha. Komboni inasanduka ndende popanda kusintha njerwa ngakhale imodzi, kungoonjezera waya. Nkhanza zomwe zinachitika kumeneko zinamveka mpaka ku India ndi ku London, sitalaka inafalikira kuminda ya nzimbe, Gandhi anatulutsidwa mu December, ndipo mu 1914 msonkho wa mapaundi 3 unathetsedwa. Pa Talana pali chikumbutso cha Gandhi ndi gawo lofotokoza za Amwenye a m'derali. Dzina lomwe dziko lonse limadziwa ndi la Gandhi, koma omwe anataya malipiro, nyumba ndi khungu la kumsana anali okumba malasha.

Za nkhondo ya 1899

Nayonso nkhondoyi inabwera ku Dundee chifukwa cha malasha. Mkangano wa Angerezi ndi Mabunu, azungu olankhula Afrikaans a ku Transvaal ndi Free State, utafika poipa, akuluakulu a Natal sanafune kusiya migodi m'manja mwa adani, choncho asilikali pafupifupi 4,000 anaikidwa pa Dundee ngakhale malowo anali ovuta kuteteza. M'mamawa wa pa 20 October 1899, Mabunu motsogozedwa ndi Lucas Meyer anaonekera pamwamba pa phiri la Talana n'kuyamba kuombera msasa. Angerezi anakwera phirilo kudzera m'munda wa bulugama wa Smith, ndipo atafika pamwamba mizinga yawo yomwe inawaomba molakwitsa. Mkulu wawo, William Penn Symons, analasidwa m'mimba n'kumwalira patatha masiku atatu, ndipo manda ake ali pa tchalitchi cha Anglican cha St James m'tauni. Phiri analanda, koma patangopita masiku awiri anathawira ku Ladysmith, Dundee n'kukhala m'manja mwa Mabunu mpaka May 1900. Iyi inali nkhondo yaikulu yoyamba pa nkhondo yonseyo, yomwe inatha mu 1902.

Nyumba za pa famu ya Smith zinasanduka chipatala cha ovulala tsiku limenelo, ndipo ena mwa asilikali anaikidwa m'manda omwe muwaone pamalopa. Palinso zipinda zofotokoza za nkhondo ya Angerezi ndi Azulu ya 1879. Isandlwana, komwe Azulu anagonjetsa Angerezi pa 22 January chaka chimenecho, ndi Rorke's Drift, ndi malo oti munthu wa galimoto atha kupita n'kubwerako tsiku lomwelo.

Magalasi ndi mikanda

Pomwe pali malasha otchipa pamabwera mafakitale ofuna moto wambiri. Ku Dundee kunali fakitale ya mabotolo ndi ya njerwa, ndipo n'chifukwa chake mupeza chipinda chodzaza ndi zinthu zagalasi zochokera m'maiko osiyanasiyana. N'zokongola, ana amazikonda, ingogwirani manja a aang'onowo. Chipinda cha mikanda chili ndi ntchito za manja za Azulu ndi mitundu ina, ndipo amayi ambiri amakhalitsa m'menemo kuposa kwina konse. Palinso nyumba yamalata ya wogwira ntchito mumgodi yomwe inazulidwa ku mgodi wa Ballengeich n'kudzamangidwanso pano, n'kusandutsidwa malo odyera. Poiona muzikumbukira kuti nyumba yotere, ya zipinda ndi khonde, inali ya mzungu. Ya munthu wakuda inali bedi la simenti.

Malasha atatha

Sitima za pamadzi zinayamba kuyendera mafuta, za pamtunda dizilo ndi magetsi. Malasha a ku Natal ndi opyapyala, oduladula ndi dolerite uja, okwera mtengo kukumba, pomwe a ku Witbank, komwe lero ndi eMalahleni, ndi ochindikala ndipo ena amangofukula pamwamba. Kwa kanthawi migodi ya kuno inakhalira moyo malasha apadera osungunulira chitsulo ku Newcastle ndi kwina, koma pofika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000 migodi yaikulu ngati Hlobane ndi Durban Navigation inali itatsekedwa. Kukumba sikunatheretu, migodi ing'onoing'ono ikadalipo apa ndi apo, koma Dundee lero imadalira ulimi wa ng'ombe, masitolo, maofesi a boma ndi alendo odzaona malo a nkhondo. Mukamadutsa cha ku Dannhauser kapena Hlobane muona milu yakuda ya zotsalira, nyumba za kampani zong'aluka, ndi anyamata ongokhala m'mphepete mwa msewu. Zimenezonso ndi mbali ya zomwe mwadzaona, ngakhale zilibe chikwangwani.

Pomwe nkhaniyi ikutikhudza

Amalawi ambiri omwe anabwera ndi Wenela, yomwe pambuyo pake inkatchedwa Theba, anapita kumigodi ya golide. Koma malasha ali ndi manda athu, ndipo manda aakulu ali ku Hwange, komwe kale kunkatchedwa Wankie. Mgodi umenewo unkadalira anthu ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia, Mozambique ndi Tanganyika, ndipo mpaka lero Chinyanja chimamveka m'makomboni a kumeneko. Pa 6 June 1972, mgodi wa nambala 2 unaphulika, methane ndi fumbi monga tafotokozera muja, ndipo anthu 427 anafa. Mwa iwo 91 anali a ku Zambia, 52 a ku Mozambique, 37 a ku Malawi. Opulumutsa atalephera kulowa chifukwa cha mpweya woipa ndi kuphulika kwina, khomo linatsekedwa ndi simenti mitembo 424 ili m'kati. Chaka chilichonse pa 6 June anthu amasonkhana pa chikumbutso cha Kamandama, pomwe maina analembedwa. Amene ali ndi agogo omwe anapita ku Wankie osabwerako, nyali ndi mapu a pa Talana adzakuthandizani kumvetsa chomwe chinachitika m'mawa umenewo.

Imfa ina ya malasha siphulika. Fumbi lomwe munthu wapuma kwa zaka limakhala m'mapapo, n'kudzamupeza atabwerera kale kumudzi: befu, chifuwa chosatha, kulephera kukwera kachitunda. Ku South Africa lamulo la 1973 la matenda a m'migodi limapereka chipukuta misozi kwa odwala mapapo chifukwa cha ntchitoyi, kuphatikizapo a m'migodi ya malasha ndi ochokera kumaiko ena, ndipo yemwe anagwirapo mumgodi ali ndi ufulu woyezedwa mwaulere zaka ziwiri zilizonse. Ofesi yoona zimenezi ndi Medical Bureau for Occupational Diseases ku Braamfontein mu Johannesburg. Musasokoneze ndi thumba la Tshiamiso, lomwe ndi la anthu a m'migodi ina ya golide yokha. Konseko chofunika ndi umboni wakuti munthu anagwiradi ntchito: nambala ya kumgodi, khadi, mapepala a malipiro, kalata yochokera pantchito. Ngati m'sutikesi ya bambo kapena agogo muli mapepala otere, musakolezere moto. Ndipo wina akakuuzani kuti mumulipire kaye kuti akutsatireni ndalamazo, dziwani kuti ndi wakuba, poti kulembetsa n'kwaulere.

Pa Talana pali chipinda cha zolembedwa zakale za migodi ya ku Natal ndi mabanja a m'derali. Amene akufufuza za wachibale yemwe anagwira ntchito kuno apangane nawo tsiku pasadakhale, ndipo apite ndi dzina la mgodi ndi zaka zake. Kumbukirani kuti alembi a kumgodi ankalemba maina mmene awamvera, ndipo ambiri ankalembetsa dzina lina kapena mtundu wina kuti apeze ntchito, ndiye nambala imathandiza kuposa dzina.

Pokonzekera ulendo

Imbani foni kaye kuti mumve nthawi yotsegulira ndi mtengo wolowera, poti masiku a tchuthi ndi a kumapeto kwa sabata amasiyana ndi masiku ena. Mukakhala gulu, la mpingo kapena la bungwe la maliro, nenani kuti ndinu gulu ndipo funsani ngati angakupatseni wokuyendetsani. Patulani maola osachepera atatu. Amene amawerenga chilichonse atha tsiku lonse. Zolembedwa zambiri ndi za Chingerezi, choncho mwana wa sukulu akhale pafupi ndi agogo. Tengani mapepala anu oyendera monga mwa nthawi zonse, chifukwa m'misewu ikuluikulu zotchinga za apolisi sizisowa. Chapakati pa October, nthawi yokumbukira nkhondo ija, kumakhala alendo ambiri ndipo malo ogona amadzaza msanga.

Dundee ndi kumtunda. Mu June ndi July kumazizira koopsa, m'mawa udzu umachita kuyera ndi chisanu, ndiye jekete musasiye. M'dzinja mvula ya ziphaliwali imakonda kubwera masana, choncho ngati mukufuna kukwera phiri kwerani m'mawa, mutavala nsapato zotseka, ndi botolo la madzi m'manja. Kanjirako n'kotsetsereka ndi kamiyala, koma munthu wamphamvu zake amafika pamwamba pasanathe ola. Pamwambapo pali mabwinja a malinga a miyala a asilikali, ndipo tauni yonse imaoneka pansi, ndi phiri la Mpati mbali ina, la Endumeni mbali inayo, ndi msewu wolowera ku Glencoe komwe kuli njanji ija. Obwerera pa tekisi ku Newcastle kapena ku Ladysmith atsike msanga, chifukwa dzuwa likapendeka matekisi amachedwa kudzaza.